Moto Wotsala M'batire: Kodi Njinga Yamagetsi Imuuze Bwanji Wokwera?

Funso lake

Munthu aliyense wokwera njinga yamoto, kaya ndi wakabaza wonyamula anthu m'misewu ya Kigali, kaya ndi mwini chuma wokapitidwa mphepo m'mapiri a California, akagwetsa maso pa geji ya njinga yake amakhala ndi funso limodzi lokha mumtima, ndilo lakuti: kodi ndikafika? Pa njinga ya petulo funsoli lidayankhidwa kalekale, ndipo anthu adalizolowera yankho lake kotero kuti salilingaliranso. Koma pa njinga yoyendera magetsi, imene m'malo mwa thanki ili ndi batire, ndipo m'malo mwa injini ili ndi mota, nkhaniyi ikadali pabwalo, amisiri, opanga njinga ndi okwera omwe akukokanakokana.

Funsoli, ngakhale limamveka ngati limodzi, lili ndi nthambi zitatu: moto umene watsala m'batire, mtunda umene motowo ungayendetse njinga, ndi zimene njinga iyenera kuchita moto ukayandikira kutha. Choyambacho chimayezeka, ngakhale movutikira. Chachiwiricho n'cholosera, pakuti chimadalira msewu umene sunayendedwe. Chachitatucho n'chosankha cha wopanga njinga. Zolakwa zambiri za mageji zimabadwa pamene zitatuzi zaphatikizidwa m'chiwerengero chimodzi, wokwera n'kumachikhulupirira monga choonadi chotheratu.

Si nkhani yoipeputsa ayi. Wa njinga ya petulo mafuta akamuthera panjira amatenga kachigubu, n'kukagula lita imodzi, ulendo n'kupitirira; wa njinga yamagetsi amakankha, ndipo ngakhale atapeza nyumba ya magetsi, kutchaja kumamudyera maola. Choopsa koposa n'chakuti njinga imene yafooka mwadzidzidzi pamene wokwera akupitirira lole imamusiya pakati pa msewu wopanda chomutchinga. Njinga zoterezi zafika kale pakhomo pathu: kampani ya Ampersand idayamba kuyendetsa za kabaza ku Kigali mu 2019, ya Roam ikupanga zake ku Nairobi, ya Zembo ili ku Kampala, ya Spiro yafalikira m'maiko angapo, ndipo boma la Rwanda lidaleka kulembetsa njinga zatsopano za kabaza za petulo mumzinda wa Kigali kuyambira mu Januwale 2025. Ife amene tagonapo pamizere ya mafuta sitingati nkhaniyi ndi ya eni.

Nzeru ya kampopi ka rizevu

Njinga zamoto zakale, ndi zambiri za akabaza lero lomwe, zili ndi kampopi kunsi kwa thanki, kumanzere, kokhala ndi malo atatu: potseka, potsegula, ndi pa rizevu. M'kati mwa thanki muli timapaipi tiwiri, kena katali, kena kafupi. Kampopi kakakhala potsegula, mafuta amalowera ku katali kaja. Akatsika mpaka kufika pamlomo pake, injini imayamba kutsamwa, wokwera n'kutsitsa dzanja lamanzere osayang'ana n'komwe, n'kupotokola kampopi, ndipo mafuta otsalira pansi amayamba kulowera ku kafupi kaja. Ngakhale galimoto yotchuka ija ya Volkswagen Beetle idayenda motero, yopanda geji ya mafuta, kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960.

Kampopika kali ndi chilema chake, pakuti munthu akathira mafuta n'kuiwala kukabwezera potsegula, tsiku lina injini imazima rizevu itadyedwa kale. Komabe muli nzeru yozama m'menemo imene tiyenera kuisunga m'maganizo kufikira kumapeto kwa nkhani ino: chenjezo lake silidutsa m'maso mokha, limagwira thupi lonse la wokwera, ndipo rizevu sigwira ntchito pokhapokha dzanja la mwini wake litavomera.

Kumbali ya mabatire, mbiri idayenda njira ina. Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté adatulukira ku France mu 1859, lili ndi ubwino wakuti moto wake umaoneka m'madzi ake: mmisiri amayamwa asidi ndi kachubu kagalasi, n'kuona kulemera kwake, chifukwa asidi wa batire lodzaza ndi wolemera kuposa wa batire lotha. Koma munthu sangayamwe asidi njinga ikuyenda. Ndiponso mu 1897 Wilhelm Peukert wa ku Germany adaonetsa kuti batire lotere likamakokedwa mwamphamvu limapereka moto wochepa kusiyana ndi pamene likukokedwa pang'onopang'ono, kutanthauza kuti "moto wotsala" si chinthu chokhazikika ngati malita a m'thanki. Mabatire a lithium-ion, amene Sony idayamba kugulitsa mu 1991, ndi omata, osatseguka, ndipo ndiwo amene adatheketsa njinga monga za Zero Motorcycles, kampani imene idayamba ku California mu 2006, ndi LiveWire ya Harley-Davidson imene idatuluka mu 2019. M'mabatire amenewa mulibe choyandama kapena choyamwa. Moto wake uyenera kudziwika mwa njira zozungulira.

Chifukwa chake moto wa m'batire suoneka

Njira yoyamba, yotsika mtengo ndiponso yofala pa njinga zotchipa, ndiyo kuyeza volteji, ndiko kunena mphamvu imene batire likukankhira magetsi. Selo limodzi la lithium la mtundu wa NMC limakhala pa mavolt 4.2 likadzaza, ndipo limaonedwa kuti latha likatsikira cha pa mavolt 3. Motero batire la maselo 20 olumikizidwa motsatizana limayamba pa mavolt 84 n'kuthera cha pa 60. Zikadakhala kuti volteji imatsika molingana kuchokera pamwamba kufika pansi, bwenzi nkhani itathera pomwepa. Koma sizitero. Wokwera akapotokola chogwirira kuti akwere chitunda, volteji imagwa nthawi yomweyo chifukwa cha kukana kwa m'kati mwa batire, ndipo akaima imadzukanso. N'chifukwa chake geji yotere imaonetsa kamzere kamodzi pachitunda, koma timizere titatu njinga ikapumula pamwamba pake. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo volteji ndi mthenga wa mtundu umenewo: imanena za kulemera kwa ntchito ya pa nthawiyo pamene yafunsidwa za moto wotsala.

Vutoli limakula pa maselo a LFP, a chitsulo ndi fosifeti, amene opanga njinga za ntchito amawakonda chifukwa sagwira moto msanga ndipo amakhalitsa. Selo la LFP limakhala pakati pa mavolt 3.2 ndi 3.3 pa gawo lalikulu la ulendo wake, kotero kuti batire lokhala ndi moto wambiri ndi lina lokhala ndi wochepa amaoneka pafupifupi chimodzimodzi. Kenaka, kumapeto kwenikweni, volteji imagwa ngati phompho. Geji yodalira volteji yokha pa batire lotere imamugoneka wokwera tulo ulendo wonse, n'kudzamudzutsa njinga itaima kale.

Njira yachiwiri ndiyo kuwerengera. Kakompyuta koyang'anira batire, kotchedwa BMS, kamayeza magetsi onse olowa ndi otuluka, n'kumachotsera pa chiwerengero chimene kadayamba nacho. Kamafanana ndi mayi amene thumba lake la ufa lili m'chipinda cha mdima, amene saona m'kati mwake, koma amasunga m'mutu mbale zimene watapa: masiku oyamba amadziwa bwino ufa wotsala, koma popeza mbale ina imasefukira ndipo ina imaperewera, pakutha pa masabata chiwerengero cha m'mutu chimasiyana ndi cha m'thumba, kufikira tsiku limene adzalidzazanso n'kuyamba kuwerenga mwatsopano. Momwemonso kakompyutaka kamafuna kuti batire lidzazidwe kotheratu nthawi ndi nthawi kuti kakonze zolakwa zake. Kampani ya Tesla imalangiza eni galimoto za mabatire a LFP kuti azitchaja mpaka 100 peresenti kamodzi pa sabata, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi chimenechi.

Njira yachitatu imalunzanitsa ziwirizi. Kakompyuta kamawerengera magetsi, koma kamakhalanso ndi chithunzi cha masamu cha mmene batirelo liyenera kuchitira pa kutentha kwakuti ndi pa katundu wakuti, ndipo kakaona kuti volteji yeniyeni yasiyana ndi imene kamayembekezera, kamawongola chiwerengero chake pang'onopang'ono. Masamu ake adachokera kwa Rudolf Kálmán mu 1960, ndipo Gregory Plett adaonetsa mu 2004 mmene angagwiritsidwire ntchito pa mabatire a galimoto. Amisiri sakangana pa mfundo yakuti njira imeneyi ndiyo yabwino. Chimene chimailepheretsa pa njinga zotchipa ndi mtengo wa zoyezera zabwino ndi ntchito yoliphunzira batire lililonse.

Patsala chinthu chimodzi chimene okwera ambiri sachidziwa. Batire si chinthu chimodzi, koma khamu la maselo, ndipo BMS imadula magetsi pamene selo lofooka koposa lafika pansi, ngakhale anzake onse akadali ndi moto. Geji yoonetsa moto wa khamu lonse, osasamala za selo lofookalo, ndiyo imene imazimitsa njinga ikuonetsa 15 kapena 20 peresenti, monga momwe foni yokalamba imachitira.

Makilomita otsala

Ngakhale moto utadziwika bwinobwino, makilomita ake sangadziwike motero. Mphepo imene njinga imang'amba imakana mowirikiza kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndipo wokwera njinga, pokhala pambalambanda, amakumana nayo ndi chifuwa chonse. Harley-Davidson idalengeza kuti LiveWire imayenda makilomita 235 m'tauni, koma 113 okha pamsewu waukulu pa liwiro la makilomita 113 pa ola. Batire lomwelo, njinga yomweyo, mtunda n'kutsika kupitirira theka. Apa njinga yamagetsi yatembenuza chizolowezi cha ya petulo, pakuti m'tauni, moyenda choimaima, ndi mmene imasunga moto.

Chitunda nachonso chili ndi msonkho wake, ndipo ungathe kuwerengedwa. Tiyerekeze njinga ya kabaza yokhala ndi batire la mayunitsi 3 a magetsi, onga amene timagula ku ESCOM, yolemera makilogalamu 250 pamodzi ndi woyendetsa ndi wonyamulidwa, ikuchoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, kumene msewu umakwera pafupifupi mamita 900. Kukweza katundu ameneyu kokha, osawerengera mphepo, matayala ndi kutentha kwa mota, kumadya mayunitsi oposa theka la imodzi, ndilo gawo limodzi mwa magawo asanu a batire lonse. Geji imene yalosera makilomita potengera kuyenda kwa m'chigwa cha Shire idzaoneka yabodza njinga ikayamba kukwera chitundacho. Imene yaphunzira pokwera idzachita mantha opanda pake potsika, pamene mota, pogwira buleki, imabwezera m'batire gawo lina la moto, ngakhale si wonse. Onjezanipo mchenga, matope, tayala lofewa, thumba la chimanga kumbuyo, ndi kuzizira kumene kumafooketsa batire. Boma la South Korea lidalipitsa Tesla chindapusa cha mawoni 2.85 biliyoni mu Januwale 2023 chifukwa, mwa zina, sidauze ogula kuti mtunda wa galimoto zake umachepa kwambiri m'nyengo yozizira.

Timizere, peresenti, kapena makilomita

Okonda timizere amati wokwera njinga alibe nthawi yowerenga. Mfundo yawo ndi yoona: masekondi awiri pa liwiro la makilomita 60 pa ola ndi mamita 33 oyenda maso ali pansi, dzuwa likuthwanima pa sikirini, galasi la helemeti lili ndi fumbi, njinga ikunjenjemera. Koma timizere tisanu timabisa zambiri, pakuti kamzere kamodzi kangatanthauze 19 peresenti kapena 2 peresenti, ndipo opanga ena amatikonza kuti kapamwamba kachedwe kuzima pofuna kumusangalatsa wogula. Nissan Leaf ya mu 2010 idatuluka ndi timizere 12 ndi chiwerengero cha makilomita chimene chimadumphadumpha kotero kuti eni ake adachisandutsa choseketsa. Mu 2013 kampaniyo idawonjezera peresenti.

Okonda peresenti amati geji inene chimene ikudziwa, wokwera aphunzire yekha njinga yake. Wakabaza woyenda msewu umodzi tsiku ndi tsiku amadziwa kuti kuchoka pa siteji yakuti kukafika kwakuti ndi maperesenti akutiakuti, ndipo nzeru imeneyo imaposa ya kakompyuta, chifukwa iye amadziwa chitunda chimene chili kutsogolo. Okonda makilomita amayankha kuti mlendo wa njingayo, kapena woyenda msewu wachilendo, peresenti simuuza kanthu.

Pa makilomita pomwepo palinso kugawikana. Ena amachulukitsa moto wotsala ndi chiwerengero chokhazikika chochokera ku mayeso a boma. Geji yotere sidumpha, koma simva za msewu. Ena amatsata mayendedwe a makilomita angapo apitawo. Yotere imamva za msewu, koma wa kumbuyo. Chevrolet Bolt idasankha kuonetsa ziwerengero zitatu, chapamwamba, chapakati ndi chapansi, ndipo kampani ya njinga ya Ather ya ku Bengaluru ku India imalengeza mtunda wake wocheperapo poyerekeza ndi wa mayeso a boma, kuti wogula ayembekezere chimene adzachionedi pamsewu.

Kuona kwanga n'kwakuti mkanganowu umatha pamene taleka kufuna chiwerengero chimodzi chochita ntchito ziwiri. Peresenti ikhale yaikulu, pakati pa sikirini, yooneka padzuwa, ndipo itsike molingana ndi moto umene ungagwiritsidwedi ntchito, kotero kuti maperesenti khumi omaliza akhale ofanana ndi khumi oyamba. Makilomita akhale pambali, ang'onoang'ono, ndipo ngati malo alola chiwerengero chimodzi chokha, chikhale chapansicho; pakuti wofika kwawo ndi moto wotsala sanataye kanthu, koma wothera panjira wataya tsiku.

Rizevu yobisika ndi rizevu yoonekera

Pano ndi pamene pali mkangano weniweni, ndipo poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazitcha dzina limodzi. Pali moto umene wopanga amatsekera pansi pa batire kuti maselo asawonongeke, chifukwa selo la lithium likakhuthulidwa mopitirira muyeso, mkuwa wa m'kati mwake umayamba kusungunuka, ndipo potchajanso lingathe kuyaka. Moto umenewu si wa wokwera, ndipo palibe wanzeru amene amati utsegulidwe. Rizevu imene tikunena ndi gawo lomaliza la moto umene wokwera aloledwa kugwiritsa ntchito.

Ena amati rizevuyi ibisike kuseri kwa ziro, kuti geji ikanena kuti moto watha, njinga iyendebe makilomita angapo mwa chifundo cha wopanga. Ambiri apulumukirapo, n'zoona. Koma chinsinsi cha pa siteji sichikhalitsa: okwera akangodziwa kuti ziro si ziro, amayamba kuiwerengera rizevuyo m'ulendo wawo, ndipo popeza kukula kwake kumasintha ndi ukalamba wa batire ndi nyengo, tsiku lina imawagwiritsa fuwa la moto. Geji imene yaphunzitsa munthu kusaikhulupirira yataya ntchito yake yonse.

Ena amati pasakhale rizevu konse, njinga iyende ndi mphamvu zake zonse kufikira ziro. Awa amaiwala kuti batire lotsala pang'ono kutha silingathe kupereka mphamvu zonse: wokwera akapotokola kwambiri, volteji ya selo lofooka imagwera pansi pa malire, BMS n'kudula magetsi moto ukadalimo. Kuchepetsa mphamvu kumapeto si chilango ayi, ndi njira yokhayo yotulutsira moto womalizawo. Nissan Leaf imayatsa chizindikiro cha kamba pa nthawi imeneyi, n'kumayenda mofooka. Chofunika pa njinga n'chakuti kufookako kudze pang'onopang'ono, ndiponso kutsogozedwe ndi chenjezo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma geji idapangidwira ntchito yomweyo yoimba ng'omayo. Chenjezolo lisadalire mtundu wokha, pakuti amuna ena sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, koma nyali iphethire, ndipo chithunzi chisinthe.

Gulu lachitatu, limene ine ndiima nalo, likuti nzeru ya kampopi ibwerere. Moto ukafika pa gawo lodziwika, monga 10 peresenti, njinga ichenjeze, ichepetse liwiro mosadzidzimutsa, ndipo ipemphe wokwera kudina batani kuti chenjezo likhale chete. Kuyambira pamenepo sikirini ionetse makilomita ochepa amene njinga ingalonjeze pa liwiro lochepetsedwalo, ndipo ziro akhale malo oimira. Otsutsa amati izi n'zachibwana, popeza batire lilibe chipinda chachiwiri, ndipo rizevu yotere ndi yongolemba m'kompyuta. Koma thanki ija nayonso idalibe chipinda chachiwiri: mafuta adali amodzi, timapaipi ndito tidali tiwiri. Phindu la rizevu silidakhalepo m'mafuta owonjezera, koma m'kukakamiza munthu kuvomereza ndi dzanja lake kuti wamva. Njinga yamagetsi ingathe kuchita zimenezi bwino koposa, pakuti sifunika kutsamwa pakati pa msewu, ndipo ikatchajidwa imabwerera yokha potsegula. Chimene chikadali chosagwirizanika ndi kukula kwa rizevuyo. Lamulo la United Nations la chitetezo cha galimoto zamagetsi la mu 2018 limafuna kuti woyendetsa achenjezedwe moto ukachepa, koma mlingo wake lidausiya m'manja mwa wopanga; ndipo n'zoonekeratu kuti rizevu yokwanira mumzinda wodzala ndi malo otchajira singakwanire kumudzi kumene magetsi ali kutali, kapena kumene azima tsiku lonse.

Batire lokalamba ndi batire losinthanitsa

Batire likamakalamba, 100 peresenti yake imachepa. Amisiri amaona kuti batire la galimoto lakalamba likatsikira cha pa 80 peresenti ya mphamvu zake zoyamba, komabe likatchajidwa geji imanena kuti ladzaza, ndipo sinama, kungoti nkhokweyo yafupika. Mwini njinga amazolowera kusinthaku chifukwa kumadza pang'onopang'ono. Koma kumene okwera amasiya batire lotha n'kutenga lodzaza, monga momwe Gogoro idayambira ku Taiwan mu 2015 ndi momwe akabaza a ku Kigali ndi Kampala amachitira, batire la m'mawa ndi la masana ndi osiyana msinkhu, ndipo nzeru ija ya wakabaza yowerengera maperesenti a msewu wake imasokonekera. Njinga zotere ziyenera kuonetsa, batire likangolowetsedwa, mayunitsi amene alimo. Ndiponso kumene wokwera amalipira malinga ndi moto umene wagwiritsa ntchito, geji yasanduka sikelo ya malonda, ndipo muyeso wonyenga ndi wonyansa pa batire monga momwe ulili pa pampu ya petulo imene a Malawi Bureau of Standards amaiyendera.

Malamulo ayamba kulondola nkhaniyi, ngakhale mochedwa. Lamulo la United Nations la mu 2022 lonena za kukhalitsa kwa mabatire limafuna kuti batire lisunge 80 peresenti ya mphamvu zake kufikira zaka zisanu kapena makilomita 100,000, koma limakhudza galimoto, osati njinga. Lamulo la mabatire la European Union la mu 2023 ndilo lidafikira ndi mabatire a njinga, polamula kuti thanzi la batire lizisungidwa mu BMS moti mwini wake athe kuliona, ndi kuti kuyambira mu Febuluwale 2027 batire lililonse lotere likhale ndi chiphaso chake cha pa kompyuta. Popeza njinga zambiri zidzafika kwathu zitagwirapo kale ntchito kwina, wogula asakhutire ndi geji yoonetsa kudzaza pa tsiku la malonda, koma afunse chiwerengero cha thanzi la batirelo, ndipo ngati wogulitsa alibe, aliyendetse kuchokera podzaza kufikira pa chenjezo loyamba, wonyamulidwa ali kumbuyo, pamsewu wokhala ndi chitunda.